Magetsi M'nyumba ya Okana Magetsi

Achemwali anga akanditchula kuti "achimwene", ndimadziwiratu kuti pali katundu wofunika kusenza. Masiku onse ine ndine "iwe". Anandilera ndi iwowo ku Kawale mayi athu atatisiya, ndiye ufulu wonditchula kuti iwe anaupata kalekale, ndipo ngakhale imvi zayamba kundimera m'ndevu, sanaganizepo zoubweza. Choncho Loweruka lina m'mawa, ndili kwanga ku Girrawheen, mumzinda wa Perth kuno kunja, ndikumwa tiyi, foni italira n'kumva mawu akuti, "Achimwene, mwadzuka bwanji?" ndinaika kapu pansi n'kukhala tsonga.

"Ndadzuka, achemwali. Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Tagula nyumba."

"Mwachita bwino. Kuti?"

"Kupitirira Ellenbrook pang'ono chabe, chakumapiri. Bwerani mudzaione. Mutengeko ndi zida zanu zija, pali tina n'tina tofunika kukonza."

"Tina n'tina totani?"

"Tating'onoting'ono," anatero, n'kudula foni.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi. Mkati mwa sabata ndimakhala ku Welshpool, m'mashedi akuluakulu a makampani, kukoka mawaya ndi kukonza makina. Laisensi yogwirira ntchitoyi kuno ndinaivutikira ndekha, kulemba mayeso pamodzi ndi tiana tobadwa ine nditayamba kale kugwidwa shoko. Koma m'maganizo mwa abale anga laisensiyo ndi ya banja lonse, ngati poto wamkulu wa pamaliro: aliyense akhoza kubwereka, ndipo palibe amafunsa ngati potoyo watopa.

Kupitirira Ellenbrook pang'ono kuja kunali kuyenda mpaka nyumba zinatha, phula linatha, kenako netiweki ya foni nayo inatsanzika. Kunatsala mabulugamu, nkhosa ndi fumbi. Pamapeto pa kamsewu kadothi ndinapeza geti lamatabwa, ndipo pagetipo panaima alamu anga atavala chipewa chachikulu cha alimi, chatsopano, chosadziwa n'komwe thukuta.

Alamuwa ndi injiniya wa kumigodi. Amakwera ndege kupita kumpoto, kukagwira ntchito milungu ingapo, n'kubwera kudzapuma. Anakulira m'nyumba ya mpanda m'tauni, bambo awo ali bwana m'boma, ndipo kumudzi ankapitako pa Khirisimasi pokha, atanyamula madzi akumwa a kutauni. N'chifukwa chake moyo wakumudzi amaukonda kwambiri.

"Alamu, taonani nokha," anatero atatambasula manja. "Mtendere wokhawokha. Munthu ukafika kuno umakumbuka kumene tinachokera."

Nyumbayo inali yokongola, zimenezo sindingakane. Makoma amiyala, khonde lozungulira mbali zonse, zitseko zolemera koma zotseguka mwakachetechete. Mkati monse munali matabwa ofiira, osalala, ogundana bwino moti lezala silikanalowa pakati. Ndinayamba kuyenda chipinda ndi chipinda, maso ali pakhoma monga mwa chizolowezi cha ntchito yathu. Ndinafuna swichi pafupi ndi chitseko, panalibe. Ndinafuna soketi, sindinaione. Ndinayang'ana kumwamba, ndipo pamene pamayenera kukhala babu panali kachitsulo kopindika kokolekapo nyali. Ndinatuluka panja kukafuna bokosi la mita, ndinazungulira nyumba yonse mpaka kubwerera pamene ndinayambira. Ngakhale polo ya magetsi sinkaoneka paliponse.

Achemwali ndinawapeza kukhitchini akuyeza mawindo ndi chingwe kuti akasoketse makatani.

"Achemwali, magetsi a nyumba ino alowera pati?"

"Ndi tina n'tina tija," anayankha osacheuka.

Mbiri ya nyumbayo anandifotokozera ndi alamu, monyadira ngati anaimanga ndi agogo awo. Akuti anaimanga ndi mzungu wina wachikulire pamodzi ndi ana ake, kalekale. Iyeyo ndi mabanja ena angapo anali a kampingo kokana magetsi, galimoto ndi wailesi, kofanana ndi anthu aja a ku America otchedwa Aamishi. Ankalima ndi mahatchi, kuunikira nyali za palafini, madzi kutunga pachitsime. Mkuluyo atamwalira anzake anabalalika, nyumba inakhala chitsekere, mpaka wogulitsa nyumba wina anachita mwayi n'kukumana ndi Amalawi.

Ndinawayang'ana achemwali. Awa ndi mayi amene ndinkawerenga nawo pa koloboyi mmodzi mpaka mphuno zathu kuda ndi mwaye. Ndi omwewa amene ku Lilongwe magetsi akazima ankalalata mpaka oyandikana nawo kutseka mawindo, ndipo tsiku lokwera ndege analumbira kuti machesi sadzawagwiranso. Tsopano anasakasaka m'Perth monse, mzinda umene ngakhale chimbudzi cha kupaki chili ndi getsi lake, mpaka anapeza nyumba yopanda waya ngakhale mmodzi, n'kuigula.

"Usandiyang'ane choncho iwe," anatero. "Malo ndi aakulu. Ndidzadzala chimanga ndi maungu. Za magetsizo ndi zako."

Uchimwene wanga unathera pomwepo.

Kukoka magetsi kuchokera kumsewu waukulu sikukanatheka, kunali kutali kwambiri. Tinagwirizana zoika sola padenga la shedi imene inali chapatali pang'ono ndi nyumba, mabatire m'shedi momwemo, n'kukumba ngalande yodutsamo waya kukafika kunyumba. Zimenezo sizinandivute, shedi inali ya malata wamba yomangidwa ndi munthu wopanda chikhulupiriro chilichonse chokhudza magetsi. Vuto linali nyumba, ndipo pamwamba pa nyumbayo ndinali ndi mabwana awiri.

Achemwali anatenga choko n'kuyamba kulemba pakhoma paliponse pamene ankafuna soketi. Pa firiji, pa ketulo, pa makina ochapira, mbali zonse ziwiri za bedi, pakhonde, mosungira zakudya, ngakhale kuseri kwa chitseko kumene sindinamvetse kuti kudzalumikizidwa chiyani. Munthu wokulira mumdima akapeza mchimwene wa magetsi sadziwa kukhuta. Alamu ankatsatira pambuyo ndi kansanza konyowa, kufufuta chokocho kuti chisawononge matabwa. Atamaliza kufufuta anandiitanira pambali n'kundipatsa lamulo lawo.

"Magetsi alowe, alamu, koma waya asaoneke. Thabwa lililonse la poonekera lisabooledwe. Ndikufuna mlendo akalowa muno aziona ngati palibe chasintha."

"Alamu, waya si mzimu. Sadutsa pakhoma popanda bowo."

"Inu ndinu akatswiri, mupeza njira," anatero akundisisita paphewa. Lolemba m'mawa anakwera ndege.

M'nyumba za masiku ano amisiri amasiya mpata mkati mwa khoma, ndiye waya umangomutsitsa kuchokera kudenga n'kukamukola pansi. Mkulu uja mpata sanasiye. Akanausiyiranji? Kuseri kwa thabwa kunali mwala, kuseri kwa mwala kunali panja. Anamanga ngati analota kuti tsiku lina kudzabwera munthu wa ku Kawale atanyamula mawaya, ndipo anatsimikiza mtima kuti munthuyo adzaone zakuda.

Matabwawo anali a mtengo wa kuno wotchedwa jara, umene ukauma zaka zambiri umalimba kuposa tsanya. Tsiku loyamba ndinasankha pobisika, kuseri kwa kabati, n'kuikapo makina oboolera. Makinawo analira, utsi unatuluka, kachitsulo koboolera kanada bii n'kufa mano. Pathabwa panangotsala kachizindikiro ngati poluma udzudzu. Sabata zotsatira ogulitsa pasitolo ya zida anafika pondizolowera, moti ndikangolowa ankandilozera shelefu ya tizitsulo toboolera ndisanatsegule pakamwa. Mmodzi anandifunsa ngati ndikuboola njanji.

Njira zinatsala ziwiri: kudutsa m'siling'i, ndi kukwawa pansi pa nyumba, popeza inamangidwa pa zipilala zazifupi. Munali mu Januwale. Amene sanalowepo pansi pa malata a ku Perth mu Januwale asamanene kuti ku Nsanje kumatentha. Ndinkalowa m'siling'imo m'mamawa, kukwawa pa mitanda ndi tochi pamphumi, waya ndikukoka ndi dzanja limodzi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinkatsika ovololo itanyowa ngati ndagwera m'chithaphwi.

Komanso m'siling'imo munali kale mwini wake. Kanali kanyama kotchedwa posamu, kooneka ngati changa chonenepa, ka maso ngati a munthu amene mwamudzutsa tulo tisanathe. Malamulo a kuno amakateteza: sungakaphe, sungakapititse kutali, za kukadya ndiye osayerekeza n'komwe. Choncho ine, munthu amene ndili mwana ndinkakumba mbewa ku tchuthi mpaka kutchuka, ndinkalowa m'denga la achemwali anga ndikugogoda pamtanda ngati ndikuodira. Kankandiyang'ana, kusuntha pang'ono mwaulesi, n'kundilola kuti ndidutse.

Pansi pa nyumba kunali kozizirako, koma ndinkayenda chafufumimba, mphuno ili pafumbi, akangaude akundiyendera m'khosi. Tsiku lina tochi inaunika khungu lalitali la njoka litayalidwa pamene ndinkafuna kudutsa. Ndinatuluka chambuyo pa liwiro limene sindinkadziwa kuti ndili nalo.

"Ndi khungu chabe iwe," anatero achemwali, ataima pakhonde ndi kapu ya tiyi.

"Khungu lili ndi mwini wake, achemwali. Wangopita kukaonetsa latsopano, abweranso."

"Ndiye fulumira asanabwere."

Achemwali ndi namwino, ndipo chifundo chawo chonse chimathera kuchipatala. Komabe Loweruka lililonse ankabwera ndi mpunga ndi nkhuku m'kontena, n'kukhala pambali kundionerera ndikudya, kwinaku akundikumbutsa masoketi amene alamu anafufuta. Ana awo aakazi anabwerako kamodzi. Atapeza kuti foni sizigwira anabwerera m'galimoto, n'kundiuza pawindo, m'Chingerezi chawo cha m'mphuno, kuti nyumba ngati imeneyi m'mafilimu ndi imene anthu amaferamo.

Pang'ono ndi pang'ono njira ndinaipeza. Ndinkazula mosamala timatabwa ta m'munsi mwa khoma, kusema kanjira kuseri kwake, kuika paipi ya waya, n'kubwezeretsa ngati sipanachitike kanthu. Maswichi ndinawaika m'mphepete mwa mafelemu a zitseko, waya akutsikira kuseri kwa felemu. Ntchito imene m'nyumba wamba ndi ya m'mawa umodzi, muno inkadya Loweruka lathunthu. Paliponse pamene ndazula ndinkapeza kuti mkulu uja anagwiritsa ntchito zikhomo zamtengo m'malo mwa misomali, ndipo ngakhale kuseri kumene maso a munthu safika anapala bwinobwino. Ndinayamba kumulemekeza ndi kumuda nthawi imodzi. Ndinafika pomalankhula naye ndikamagwira ntchito. "Agogo, apa pokha mukanasiyako kampata. Kampata si tchimo."

Zipinda zonse zitatha panatsala chodyera. Mmenemo munalibe siling'i. Denga linali poyera, ndipo pakati panadutsa mtanda umodzi waukulu, mtengo wathunthu, kuchokera khoma lino kukafika linalo. Pakati pa mtandawo panali kachitsulo kamene ankakolekapo nyali yaikulu younikira patebulo. Achemwali ankafuna getsi lawo lilendewere pomwepo. Njira yabwino inalipo: waya agone pamwamba pa mtanda pamene palibe angamuone, kenako atsikire pabowo limodzi loboola mtandawo. Bowo limodzi lokha, lolowa chala.

Titabwerera kumene netiweki imagwira ndinawaimbira alamu kumgodi, ndipo atamva anakana kwamtuwagalu.

"Mtanda umenewo ndi mtima wa nyumba. Musaukhudze."

"Ndiye ndizungulitse waya m'kapaipi koyera m'mbali mwake?"

"Ayi, kapaipi n'konyansa."

Achemwali, amene ankamvera pambali, anangoti, "Boola iwe."

"Ndati asaboole," anatero alamu pafoni paja.

Ndinakulira m'manja mwa mmodzi, winayo ndiye anagula mabatire. Ndinasankha kudikira kuti alamu atsike ndege, eni banja akangane pamaso, ine ndingokhala mboni.

Loweruka limenelo tinaima atatu pansi pa mtanda, mitu ili chagada. Alamu ankanena za kulemekeza ntchito ya manja a makolo. Achemwali ankafunsa ngati makolowo adzabwere kudzawaunikira akamasankha minga za nsomba. Ine ndinali nditagwira makina oboolera m'manja, osadziwa kuti ndiwaike pansi kapena ndikwere nawo. Tili mkati mokangana tinamva galimoto ikuima panja.

Inali pikapu yaikulu, ndipo munatsika mayi wachizungu wokalamba, wa tsitsi loyera lalifupi, atavala buluku, foni ili m'manja, pamkono pali wotchi ija yoyaka ukaigwedeza. Anafika pakhonde n'kuima pakhomo. Anati anakulira m'nyumba imeneyi, ndi mwana womaliza wa amene anaimanga, ndipo mlimi wina woyandikana nafe anamuuza kuti kwabwera anthu amene akuboola makoma.

Makina aja ndinawabisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Alamu anavula chipewa, n'kutulutsa Chingerezi chawo cha pamisonkhano ya kuntchito. Anapepesa. Anati bambo a mayiyo timawalemekeza kwambiri, moyo umene anasankha unali wabwino, wosalira zambiri, ndipo ife a ku Africa timaumvetsa chifukwa ndi mmene tinakulira. Anamaliza ndi kulonjeza kuti mtanda waukulu sudzakhudzidwa iwo ali moyo.

Mayi uja anawayang'ana alamu n'kuwafunsa:

"Bambo, munakhalapo m'nyumba yopanda magetsi?"

"Eya, nthawi zina pa tchuthi, kwa agogo..."

"Ine ndinakhalamo," anatero achemwali.

Kuyambira pamenepo mayiyo ankalankhula ndi achemwali okha. Anapinda mkono wa malaya n'kuonetsa chipsera chachikulu chochokera pachigongono mpaka padzanja. Anati ali kamtsikana ntchito yake inali kutsuka magalasi a nyali m'mawa uliwonse ndi kuthira palafini. Tsiku lina akukoleka nyali pa kachitsulo kaja, mpando unaterereka, nyali inamugwera n'kuyaka. Galimoto yothamangira nayo kuchipatala kunalibe, popeza galimoto inali tchimo. Bambo ake anamumanga nsalu, kumupempherera, ndipo atachira anamubwezera ntchito yomweyo. Atakula anathawira m'tauni, n'kukalembedwa ntchito yolumikiza mafoni, kugwira mawaya tsiku lonse. Bambo ake anamuuza kuti wosankha za dziko sadzadutsanso pakhomo lawo. Ndipo sanadutsedi. Tsiku la maliro a bambowo anaima pageti mpaka mwambo kutha.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi mapazi a mayiyo anali kunja kwa chitseko. Achemwali anali ataona kale.

"Lowani, mayi," anatero. "Nyumba ino tsopano ndi yanga, ndipo chitseko ichi chilibe lamulo."

Analowa pang'onopang'ono, dzanja likusisita khoma. Anaima pawindo, anagwira felemu, n'kunena motsitsa kuti bambo ake anali mmisiri weniweni, chifundo chawo chonse anachipereka kwa matabwa. Atafika m'chipinda chodyera anayang'ana mtanda uja, kenako ife, n'kufunsa chimene timakanganirana. Achemwali anafotokoza zonse, osasiyako ngakhale mawu a alamu onena za mtima wa nyumba.

Mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Chimene mwabisa kumbuyoko, ndipatseni."

Alamu anayesa kulowererapo. Anati mwina tiyambe taganiza kaye, chinthu choboola sichibwerera.

"Bambo," anatero mayi uja, "mtengo uwu tinaukoka ndi hatchi kuchokera kumtsinje, ine nditagwira chingwe mpaka manja kutuluka matuza. Ndili ndi gawo langa pamenepa. Langalo ndi limene ndikufuna kuboola."

Ndinaika kachitsulo katsopano. Ndinaimika makwerero awiri moyandikana, achemwali anagwira amene anakwerapo mayiyo, ine ndinakwera enawo kuti ndizithandiza kuchirikiza makina. Ndinamulozera malo, pafupi ndi kachitsulo ka nyali. Anakanikiza. Makina analira, utsi unayamba, fungo la mtengo wopserera linadzaza chipinda, ndipo kachitsulo kanafa tisanafike pena paliponse. Ndinaikanso kena. Mayi uja anatulutsa mawu angapo amene ndikutsimikiza kuti sanawaphunzire ku mpingo wa bambo ake. Thukuta linkatsika m'masaya mwake, koma nditati ndimulandire anandikankha ndi chigongono. Tinapuma, anamwa madzi ali pamakwerero pomwepo, tinayambanso. Kenako makina analowa mwadzidzidzi, utuchi wofiira unakhuthukira patsitsi lake loyera, ndipo bowo linatulukira pamwamba.

Anauzira pabowopo n'kulowetsa chala. Anayamba kuseka, kuseka kwambiri moti makwerero ankagwedezeka. Atatsika n'kuponda pansi kuseka kuja kunasanduka kulira. Achemwali anamukumbatira monga timachitira pamaliro, akumusisita pamsana, akunena m'Chichewa kuti, "Pepani mayi, pepani, pepani ndithu." Mayiyo Chichewa sankachidziwa, koma sanafunse kuti akuti chiyani. Ine ndinakweranso makwerero n'kudzipezera chochita ndi waya. Alamu anavala chipewa chawo n'kutuluka panja kukaona mtendere.

Bowolo linali lopendekeka pang'ono. Ndikanatha kuliwongola, koma ndinalisiya. Mpaka lero getsi la patebulo la achemwali limalendewera mokhota ngati munthu womvetsera nkhani ya patebulo lina. Woyendera ntchito za magetsi atabwera anayeza zonse, anakhutira, koma potuluka anayang'ana m'mwamba n'kundifunsa ngati ndinaboola nditamwa. Ndinamuyankha kuti anaboola ndi mmisiri wamkulu kuposa ine.

Tsiku loyatsa achemwali anamuitana mayi uja. Kunali masana, kunja kuli mitambo, m'nyumba muli kamdima kokwanira kuti getsi lioneke ntchito yake. Alamu anali atakonza mawu. Anaima kumutu kwa tebulo n'kuyamba kufotokoza za ulendo wautali wa banja lawo, za kukumana kwa zakale ndi zatsopano, ndipo ankati ayambe kuthokoza mmodzimmodzi pamene mayi uja anatambasula dzanja n'kukanikiza swichi. Chipinda chinawala. Alamu anatsala kukamwa kuli yasa, mawu ali pakati.

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, kumakona, kudenga, pansi pa tebulo.

"Kachipinda kakang'ono chonchi?" anatero. Anati moyo wake wonse ankachikumbukira ngati chachikulu kwambiri, chifukwa madzulo kuwala kwa nyali kunkathera patebulo, ndipo kumene makoma ankathera sankakuona.

Kenako anafunsa ngati angaone chipinda chimene ankagona ali mwana. Achemwali anamuuza kuti asachite kupempha. Analowa yekha n'kutseka chitseko. Ife tinakhala patebulo, tiyi akuzizira, tikumva swichi ikulira mkatimo: tha, tha, tha, kuyatsa ndi kuzimitsa. Monga wa magetsi ndinafuna kunena kuti swichi nayo imatopa, koma achemwali anandiyang'ana ndi diso lija la ku Kawale, ndipo ndinameza mawu anga.

Banja linasamukiramo dzinja lisanayambe. Ana aja anasiya kudandaula intaneti italowa, ndipo tsopano amajambula zithunzi pakhonde n'kumauza anzawo kuti amakhala m'nyumba ya mbiri. Chimanga achemwali anadzaladi, chinamera bwino, ndipo akangaru a dera lonselo anayamikira kwambiri. Alamu akalandira alendo a kutchalitchi amawatengera m'chipinda chodyera, kuwalozera mtanda, n'kufotokoza modekha kuti iwo anaona kuti n'chanzeru kudikira mwana wa mwini nyumba kuti adzaboole yekha. Ine ndimangovomera ndi mutu. Mlamu sumutsutsa pamaso pa alendo, makamaka nyama ili pamoto ali wogula ndi iyeyo.

Mayi uja amabwerabe Lamlungu lina ndi lina masana, achemwali akaweruka kutchalitchi. Anawaonetsa pamene panali chitsime chakale ndi mmene angadulire mitengo ya mandimu imene mayi ake anadzala kuseri kwa nyumba. Anaphunzira kudya nkhwani wotendera, ngakhale amadya ndi supuni. Koma akangofika, asanakhale n'komwe pansi, amatulutsa chaja m'chikwama n'kulowa m'chipinda chake chakale kukalumikiza foni pa soketi ya pafupi ndi windo. Tsiku lina ndinali pomwepo ndikumangitsa kasikuluwu ka swichi, ndipo ndinaona kuti batire ya foniyo ndi yodzaza.

"Mayi, foni yanuyi ili ndi moto kale," ndinatero.

"Ndikudziwa," anayankha, n'kuilumikiza ndithu.